Nkhokwe yanga ya nyimbo inali yobooka pansi

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Ngabu. Amene anakhalapo pa makina opalasa kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka akudziwa kuti ntchito imeneyi imasiya khutu lili lova. Miyendo ikupalasa, manja akukoka nsalu, maso ali pa singano, khutu lokha lilibe chochita. Zaka zambiri ndinkalidyetsa wailesi. Koma wailesi imakusankhira yokha: iwe mtima ukufuna kwaya, iyo ikukuwerengera mauthenga a maliro, ndipo nyimbo imene umaidikira ikangoyamba ndiye kasitomala wafika kudzayesa chilundu.

Foni ndinali nayo, inde, koma foni ya telala si yake. Azimayi amatumiza zithunzi za masitayilo pa WhatsApp usana ndi usiku, ena amaimba kufunsa ngati yunifomu ya mwana yatha, ndiye ukaiyatsanso nyimbo batire silifika masana. Chinanso, ndinali nditayamba kuphunzira kudula zovala kudzera m'mavidiyo. Kolala ya suti, mkono wa diresi la ukwati, kaikidwe ka zipi yobisika, zonsezi palibe anandiphunzitsa pamaso. Mng'ono wanga amene amakhala ku Blantyre ndiye ankanditsitsira pa intaneti n'kundithirira ndikapita kukaoda nsalu. Vidiyo yophunzirira suionera kamodzi. Umaibwereza kakhumi, kuimitsa, kubwerera m'mbuyo, choko chili kumanja. Ukachita zimenezo ndi bandulo, ndalama ya malaya awiri yatha tsiku limodzi. Ndiye ndinatsimikiza zopeza kachipangizo kapadera, kosunga zambiri, kosafuna netiweki.

Munali mu 2021, misika ya thonje itangotha, nyengo imene kuno kuchigwa ndalama imaonekako ndipo anthu amakumbukira atelala. Ndinakwera minibasi ya m'mamawa, kudutsa Nchalo ndi Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa, n'kukwera phiri lokhotakhota lija mpaka ku Limbe. Nditamaliza za nsalu ndi ulusi, ndinaima pa benchi ya mnyamata wina wogulitsa machaja ndi mahedifoni m'mbali mwa msewu. Anandionetsa ka MP4, kachipangizo koimbira nyimbo ndi mavidiyo, kofiira, kofanana ndi mabokosi awiri a machesi, n'kutulutsanso memore khadi ili m'pepala lake lonyezimira, pamwamba atalemba 128GB.

"Madala, iyi ndi orijino," anatero. "Mudzatopa ndinu kuthira, iyoyi sidzadza."

Mtengo wa khadiyo sunafike ngakhale theka la umene ndinauona m'sitolo m'mawa womwewo. Ndinanenerera, anatsitsa, ndinalipira, ndipo potsika phiri madzulo ndinkadziona ngati munthu amene wapusitsa tauni yonse. Mitengo yeniyeni sinditchula, poti kwacha inagwa mu Meyi 2022 n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala a nthawi imeneyo angokusokonezani. Gwirani chokhachi: katundu wotere akatsika kupitirira theka la mtengo wa m'sitolo, pali chimene sanakuuzeni.

Ka MP4 kaja kanayamba kundichititsa manyazi usiku womwewo. Khadi ya 128GB sikanaione n'komwe. Ndinadzamva pambuyo pake kuti makhadiwa ali m'magulu. Ofika 32GB amatchedwa SDHC, oyambira 64GB kupita kutsogolo ndi SDXC, ndipo kakonzedwe ka m'kati mwake n'kosiyana: aang'onowo amabwera ndi FAT32, aakuluwo ndi exFAT. Tizipangizo tambiri totchipa timangodziwa FAT32. Pa bokosi analemba ndithu, m'timalemba tofuna mandala, kuti kamalandira khadi yosapitirira 32GB, koma ine ndinkawerenga zikuluzikulu zokha. Nditaikamo kakhadi kanga kakale ka 4GB, nyimbo zinaimba, mavidiyo kanawakana. Dzina lake ndi MP4, koma fayilo ya MP4 yeniyeni sikaitsegula. Kamafuna uyambe waisintha pa kompyuta kuti ikhale ya mtundu wina wa vidiyo wotchedwa AMV, ndipo ikatero chithunzi chimatulukira pa kagalasi ka mainchesi 1.8, pamene sungasiyanitse msoko ndi mzere wa choko. Pa nyimbo pokha tisakanamizire, kankaimba bwino.

Khadi yaikulu ija ndinangoiika m'foni. Miyezi yoyamba zonse zinkaoneka myaa. Zizindikiro zinalipo, ndikaganiza tsopano: nyimbo ina inkadumpha yokha, ina inkayamba bwinobwino n'kuthera phokoso ngati mvula pa malata. Ine ndinkanamizira foni kuti yakalamba.

Pa Khrisimasi ya chaka chomwecho tinapita kumudzi kwa mayi, cha ku Bangula. Atsibweni anga anali katswiri wa valimba. Kwa amene simunaione, ndi timatabwa tondandalikidwa kuyambira tating'ono mpaka tatikulu, pansi pake pakulendewera zikho zokuza mawu, ndipo amaimba anthu angapo nthawi imodzi, aliyense mbali yake. Atsibweniwo anali atakalamba moti akagwira kapu ya tiyi manja ankanjenjemera, koma akagwira timitengo toimbira kunjenjemera konse kunkathawa. Usiku umenewo anaimba ndi anzawo awiri, ine n'kuwajambula mavidiyo asanu, ina ya mphindi pafupifupi 20, foni nditaitsamiritsa pa mtondo. Kamera ndinali nditaikonza kuti chilichonse izisunga m'khadi, poti ndiyo inali nkhokwe yanga. Tinaonera pomwepo, iwo n'kumagwira pakamwa.

"Mphwanga, ndiye ndakalambadi chonchi? Bwanji osandiuza anthu inu?"

Mu Januwale 2022 ndinapita ku Blantyre, mng'ono wanga n'kundithirira mavidiyo ena ambiri ndi nyimbo za kwaya. Kumapeto kwa mwezi womwewo kunabwera namondwe wa Ana. Madzi anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, konkuno ku Chikwawa, amene amapereka mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakhala ndiwo zathu mpaka 2023. Moto wa m'foni ndinkausungira makasitomala, za mavidiyo ndinaziiwala kaye. Mu Malichi atsibweni anatisiya.

Patatha masiku atatu titaika maliro, titakhala pansi pa mtengo wa nimu, msuweni wanga anati, "Asuweni, tayikani ya pa Khrisimasi ija, mayi awaoneko." Anthu anasendera, ana kutsogolo. Ndinatsegula foda. Mayina onse asanu analipo, kukula kwake kunalembedwa, ngakhale tsiku ndi ola. Ndinadina yoyamba, mdima. Yachiwiri, mdima, ndi kauthenga koti fayilo yaonongeka. Ndinazimitsa foni, kuchotsa khadi, kuipukuta pa malaya, kuiuzira mpweya, kubwezeramo. Chimodzimodzi. Mayi ake aja sanayankhule kanthu. Anangokonza duku lawo n'kubwerera m'nyumba.

Mng'ono wanga anayesa kubweza mafayilowo pa laputopu yake, zinakanika. Kenako anati tiipime khadiyo. Pali pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa H2testw, imene imadzaza khadi yonse ndi zolemba zake, kenako n'kuwerenga kuti ione zimene zabwerera zili bwino. Inagwira ntchito usiku wonse. M'mawa yankho linali lakuti malo enieni sakwana 8GB, ena onsewo ndi mphepo. Zimene amachita akubawa n'zakuti amatenga khadi yaing'ono n'kusintha kaubongo kake kuti kaziuza foni kapena kompyuta nambala yabodza. Ukathira zopitirira malo enieni, makhadi ena amangotaya zatsopanozo, ena amabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zakale. Mndandanda wa mayina umatsala, n'chifukwa chake maso amakuuza kuti zonse zilipo. Yanga inali ya mtundu wachiwiriwu. Mavidiyo a makolala a mu Januwale ndiwo anapondereza atsibweni, ndipo chimene chaponderezedwa chotere sichibwereranso, ngakhale mutapita kwa katswiri wotani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wanga mkuyu munalibe ndi nyerere zomwe.

Ndiye musanaike chilichonse chapamtima m'khadi yatsopano, ipimeni. Ngati muli pafupi ndi kompyuta, pulogalamu ija ndiyo yachidule, ngakhale imafuna maola. Ngati mulibe, idzazeni mpaka pakamwa ndi mavidiyo amene muli nawonso kwina, muichotse, muibwezeremo, ndiye mutsegule oyamba kuthira, apakati ndi omaliza, iliyonse kuithamangitsa mpaka kumapeto. Kuthira nyimbo makumi awiri n'kumva zikuimba si kupima ayi, khadi yabodza imapambana mayeso amenewo mosavuta. Gulani m'sitolo yopereka lisiti, ndipo mufunse musanalipire ngati mungabweze ikalephera. Wokana funso limeneli wakuyankhani kale.

Koma musakachite zimene ndinatsala pang'ono kuchita ine. Khadi yeniyeni ya 128GB imene ndinadzagula inaonetsa 119GB, ndipo ndinali nditavala kale nsapato kuti ndikakalipe. Kumeneko si kuba. Opanga amawerenga m'ma 1,000 pamene kompyuta imawerenga m'ma 1,024, choncho ya 64GB imaoneka ngati 59GB, ya 32GB ngati 29GB.

Funso limene sindinadzifunse pa benchi paja ndi lakuti kodi malo ndikufuna ochuluka bwanji. Nyimbo ya MP3 wamba, ya 128kbps, imadya pafupifupi 1MB pa mphindi. Ya mphindi zinayi ndi 4MB, ndiye kuti mu 1GB mumalowa nyimbo ngati 250. Khadi ya 32GB imanyamula zopitirira 7,000, zoti mutaziyatsa osazimitsa zingathe pafupifupi masabata atatu, usana ndi usiku, osabwereza. Ndani wa ife ali ndi nyimbo 7,000 zimene amazikondadi? Zanga nditaziwerenga sizinafike 900. Ngakhale mutakonda zomveka bwino kwambiri za 320kbps, zimene zimadya kuwirikiza kawiri ndi theka, 32GB ikukwanirani. Chimene chimameza malo ndi vidiyo. Ola limodzi la vidiyo wamba, ya 480p, limatenga pafupifupi theka la GB, la yooneka bwino kwambiri, ya HD, limadutsa 1GB mosavuta. Ngati cholinga chanu ndi nyimbo, maulaliki ndi Baibulo lomvetsera, musataye ndalama pa nambala yaikulu. Ngati ndi mafilimu ndi maphunziro ngati ine, 128GB ili ndi ntchito, bola chipangizo chanu chikhale choti chimaiwerenga.

Pakati pa 2022 mnzanga wina, mphunzitsi, anandibweretsera iPod Classic, choimbira nyimbo cha kampani ya Apple, imene m'bale wake anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Ankafuna kuigulitsa. Ndinakhala nayo masiku awiri, ndipo ndivomere, mtima unadyeka. Yolemera bwino m'manja, kumsana konyezimira, mawu oyera ngati woimbayo wakhala pa mpando wa kasitomala. Ya 160GB inatuluka koyamba mu 2007, ndipo a Apple ankati imanyamula nyimbo 40,000. Anasiya kupanga mtundu umenewu mu 2014, ndiye kuti iliyonse imene mungaipeze lero batire lake laona zaka. M'kati mwake muli kadisiki kozungulira, koti ukaika khutu umakamva kakuyenda, ndipo chinthu chozungulira sichigwirizana ndi kugwa kapena kugwedezeka. Ine ndinaganiza za kabaza pa msewu wafumbi wopita kumudzi. Ilibe sipika, ilibe polowetsa khadi, kagalasi kake ndi ka mainchesi 2.5, chingwe chake n'chapadera choti chikaduka simuchipeza pamsika wa Ngabu, ndipo kuthira nyimbo kumafuna kompyuta yokhala ndi pulogalamu yake, monga iTunes. Kwa munthu wokhala ndi laputopu yake, wokonda mawu oyera, ndi chinthu chabwino. Kwa telala wapakhonde ayi. Ndinabweza ndi manja awiri.

Chimene ndinakhazikika nacho n'chosachititsa kaso n'komwe: foni yakale ya Android yogula kwa munthu, yokhala ndi polowetsa khadi ndi kabowo ka mahedifoni. Ndinachotsamo SIM, n'kuiika pa chizindikiro cha ndege chija kuti isamavutike kusaka netiweki, poti kusakako kumadya moto. Mng'ono wanga anaikamo VLC, pulogalamu yaulere imene imatsegula pafupifupi mtundu uliwonse wa nyimbo ndi vidiyo, ndiponso imalola kuchedwetsa vidiyo kuti uone bwino pamene lumo lakhotera. Galasi lake ndi lalikulu moti ndimaitsamiritsa pa bokosi la mabobini n'kumadula ndikuyang'ana. Foni yakale imatsamwa ndi mavidiyo a mtundu watsopano wa H.265, amayenda modukiza mawu ali kutsogolo, ndiye ndinamuuza mng'ono wanga azindipezera MP4 ya H.264, ya 480p, kapena 720p pamene pakufunika kuona ulusi. Zazikulu kwambiri amazichepetsa ndi pulogalamu yotchedwa HandBrake. Ngati mwafomata khadi yaikulu kukhala FAT32 kuti chipangizo chakale chiiwerenge, zimatheka pa zina, koma dziwani kuti FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4GB, ndipo kufomata kumasesa chilichonse.

Ka MP4 kofiira kaja sindinakataye. Ndinakagulira khadi yeniyeni ya 32GB, ndipo ndi kamene kamaimba tsiku lonse pakhonde, kolumikiza ndi chingwe ku kasipika. Poti galasi lake limakhala lozima, moto umakhalitsa kuposa foni, ndipo mabatani ake ndimawadina osayang'ana, dzanja lina lili pa nsalu. Zipangizo ziwiri zotchipa, chilichonse ntchito yake, zinandithandiza kuposa chimodzi chofuna kuchita zonse.

Tsopano dzuwa. Anthu a kumtunda akamalangiza za zipangizozi satchula kutentha, chifukwa sakudziwa Okutobala wa kuno. Opanga ambiri amalemba kuti chipangizo chizigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Pa Ngabu, mu Okutobala ndi Novembala, kudutsa 40 si nkhani yoti munthu n'kuuza mnzake. Chaka cha kuthimathima chija ndinagula kasola kakang'ono kotchajira. Tsiku lina ndinakaika pa khoma la njerwa kuseri kwa sitolo, foni ili pambali pake penipeni, poti chingwe chinali chachifupi. Ndinatanganidwa ndi mayunifomu. Pokaitenga cha m'ma 2 koloko, inandiotcha ngati simbi yamakala. Patapita masiku ochepa ndinaona kuti sikukhazikika pa tebulo, ikugwedera. Chivundikiro chakumbuyo chinali chitatukuka, batire litafufuma ngati chitumbuwa. Mwayi wanga linali lochotseka, ndinagula lina. Batire lotupa musalibowole, musalipanikize kuti libwerere, ndipo musalitchajenso, likhoza kuyaka, makamaka pamalo ngati panga pamene pali zidutswa za nsalu paliponse.

Kuyambira pamenepo sola imakhala padzuwa, chingwe n'chachitali, ndipo chimene chikutchajidwa chimakhala pamthunzi, pansi pa simenti, osati pa nsalu kapena pansi pa pilo. Ndiponso sola sindiilumikiza ku foni mwachindunji. Imadzaza pawabanki masana, pawabanki n'kudzaza zipangizo usiku kukazizirako. Kutchaja uku ukuonera vidiyo masana a Okutobala ndi kuphika batire kawiri. Za mapawabanki nazonso muli mikuyu yambiri. Weniweni wa 10,000mAh amakupatsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambalayo, zina zimatayika posintha mphamvu, ndipo zimenezo n'zachilengedwe chake. Koma kakang'ono, kopepuka ngati paketi ya bisiketi, kolembedwa 50,000, kasiyeni pomwepo. Fumbi nalo limadzaza m'kabowo kotchajira, kwa ine kuphatikizapo ubweya wa nsalu. Chaja ikayamba kugwedera, musanathamangire kwa okonza, zimitsani n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma. Singano ayi, ngakhale ili pafupi chotani.

Kwa anyamata othira nyimbo pamsika ndimapitako, koma khadi yanga yaikulu sipondako. Kompyuta imodzi imalandira makhadi ndi mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, ndiye matenda sasowa. Ndinaonapo khadi ya mnzanga itabwerako mafoda onse atasanduka timivi tosatsegula kanthu. Iye anafomata pomwepo ndi mkwiyo, osadziwa kuti vairasi yamtundu umenewu nthawi zambiri imangobisa mafayilo, ndipo wodziwa kompyuta akhoza kuwaonetsanso. Ine ndili ndi kakhadi kakale ka 4GB kaja, ndimakatcha mtumiki. Ndi kamene kamapita kumsika, kakabwerako ndimasankha nyimbo zokhazokha n'kuzisamutsa pa foni. Pa nkhani yomweyi, oimba athu nawonso amadya. Ochita bizinesi yokopera nyimbo amayenera kukhala ndi chilolezo cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, ndipo kwaya ikabwera kudzagulitsa nyimbo zake pa tchalitchi, ine ndimagula kwa eni ake. Munthu amene amakwiya kasitomala akathawa ndi diresi osalipira sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi.

Nkhokwe yaikulu ili ndi vuto lake lina: kupeza chimene ukufuna. Nyimbo zochokera pa WhatsApp zimabwera ndi mayina a manambala okhaokha, za kumsika theka lake ndi Track 01. Ukakhala ndi Track 01 makumi atatu, kusaka nyimbo imodzi kuli ngati kusaka singano imene yagwera mumchenga. Ndinathera Lamulungu atatu masana ndikusintha mayina ndi kugawa mafoda: kwaya, zachikhalidwe, zovina, maulaliki, ndipo kumavidiyo makolala, mikono, masiketi, ana. Maphunziro otsatizana ndimayamba ndi 01, 02, 03, chifukwa ukalemba 1, 2, 3 zipangizo zina zimaika 10 patsogolo pa 2. Ntchito yotopetsa, koma ndi imene inasandutsa mulu kukhala katundu. Zobwerezabwereza zimene ndinafufuta zinandibwezera malo oposa 3GB.

Mahedifoni ndimavala pakhonde pokha, khutu limodzi, mawu osapitirira pakati kwenikweni. Pa M1 sindivala. Ndinaonapo mnyamata pa njinga akugwedeza mutu, lole ikumuimbira hutala kumbuyo iye osamva, anapulumuka chifukwa cha dalaivala. Kumtsinje ndiye musayerekeze. Ife a m'mbali mwa Shire tikudziwa kuti pa dooko khutu ndi mlonda. Ubwino wa mahedifoni achingwe ndi wakuti safuna kutchaja, ndiponso chingwecho ndicho chimakhala eriyo ya wailesi ya FM ya m'foni. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, magetsi kulibe, netiweki ikubwera n'kupita, ndi kachingwe kameneko kamene kankatiuza za madzi. Pogula chipangizo yang'anani ngati chili ndi FM. Masiku abwino simuikumbuka.

Masiku a Freddy amenewo zipangizo zanga zinagona m'botolo lapulasitiki la chiponde, lotseka bwino, lili m'jumbo, pamwamba pa kabati. Khadi yokha ikanyowa nthawi zambiri imapulumuka ukaiumitsa bwino usanaiike m'chipangizo. Koma madzi a kuno sanyowetsa chabe, amatenga. Ndiye pali foda imodzi imene ndinaitcha Zapamtima: zithunzi za ana, ukwati wa mlongo wanga, kwaya yathu ikuimba, mawu a mayi akusimba za makolo awo. Nyimbo za oimba zikatayika ndidzazipezanso, izi ayi. Ulendo uliwonse wa ku Limbe, mng'ono wanga amaikopera pa laputopu yake, kumtunda kumene Shire safika. Zing'onozing'ono amaziikanso pa Google Drive, nkhokwe ya pa intaneti, pamene munthu amapatsidwa 15GB yaulere. Ndipo kamera yanga tsopano imasunga m'foni momwemo, m'khadi ndimachita kukoperamo, osati kusamutsa, mpaka nditaona ndi maso kuti chinthucho chili malo awiri ndipo chikutseguka konseko.

Mu Juni chaka chomwecho, msuweni wanga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira uthenga usiku. Ankasamutsa zinthu kupita m'foni yatsopano, ndiye anapeza kavidiyo kamene ndinamutumizira pa Khrisimasi ija. Ndinali nditaiwaliratu. Usiku umenewo ndinadula kachidutswa n'kukwera pachulu kuseri kwa khola kusaka netiweki, kuti naye alaweko za kumudzi. Kwanga ndinali nditakafufuta kalekale pamodzi ndi zithunzi za masitayilo. Masekondi 43. WhatsApp inakafinya moti nkhope sizioneka bwino, koma manja akuoneka, ndipo mawu ali onse.

Loweruka lotsatira ndinatseka makina msanga n'kukwera ya ku Bangula. Ndinawapeza mayi aja akupeta mapira. Ndinagwada pambali pawo n'kuwapatsa foni yopanda SIM ija, kasipika ndili nako kumanja. Anaonera kamodzi osanena kanthu. Anati ndibwereze. Kachitatu, chapakati, analoza ndi chala chankhungu pagalasi.

"Apa, mwanawe, wamva? Aphonya. Pomwepa ankaphonya nthawi zonse, ukawauza ankati ndi mmene imayendera nyimboyo."

Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anaitana mdzukulu kuti akagwire nkhuku.